Makeyala Opanda Nyumba

Zaka makumi atatu ndi zinayi bambo anga, Anselmo,
ankakwera zitunda za mzinda wa Porto
chikwama cha makalata chikuwagunda m'nthiti.
Ankadziwa khomo lililonse ndi galu wake,
nyumba zomwe manambala ake anathothoka kalekale,
ngakhale mayi wa mumsewu wa Taipas
wodikira kalata ya mwana amene sankalemba.

Atapuma pa ntchito, mawondo anati basi,
koma mutu unakana.
Ndiye usiku, sitima zamumsewu zikaleka kulira,
amakhala pa kompyuta yakale ya ine
n'kumasaka mayina a pa intaneti amene alibe mwini.
Amatayipa ndi chala chimodzi.
Latengedwa. Latengedwa. Ili nalonso.
Kenako kamtima phaa: ili lilipo!
Mayuro khumi ndi awiri, lawo kwa chaka chathunthu.

Mayinawo ankawatola m'njira, m'Chipwitikizi chawo:
mvula ya Lachiwiri,
mkate wadzulo,
mlatho wachisanu ndi chiwiri, pamene mtsinje uli ndi isanu ndi umodzi.
Onse m'kope la buluu, tsiku lothera pambali pake.
Ine ndinkati, ababa, awa ndi mapuloti a m'mitambo.
Iwo ankati, Graça, keyala imayamba, nyumba imabwera pambuyo.

Tsiku lina inabweradi.
Custódio, wophika buledi wa ku Braga,
anagula mkate wadzulo ndi mayuro mazana asanu ndi anayi.
Ababa anavina m'khichini atagwira mpando,
ine ndikuwerengera chamumtima
kuti ena makumi asanu ndi limodzi aja
adya kale phindulo.
Sindinanene.

Linalipo limodzi losagulitsa.
Mirinha.
Ndimo ankaitanira amayi, a Zulmira, kuchokera pansi pa masitepe.
Sanamangepo kanthu, ngakhale chithunzi,
tsamba loyera lokha.
A kampani ina ya sopo anapereka zikwi ziwiri,
iwo anayankha mwaulemu kuti muli anthu m'nyumbamo.

Chibayo chinawagwira mu Febuluwale.
Masabata asanu kuchipatala, enanso ambiri akuphunzira kupuma.
Makalata okumbutsa anafika, anafikanso,
m'bokosi la imelo lomwe ine ndinalibe kiyi wake.
Kope la buluu linali m'dirowa, pansi pa mabatire.
Masiku achisomo anatha tonse tikuyang'ana botolo la diripi.
Dzina linagwa ngati lalanje lakupsa,
ndipo makina ena, kaya a dziko liti, osagona,
analiwakha lisanafike pansi.

Lero ukatayipa dzina la amayi
pamatuluka malonda a nsapato ndi a inshuwalansi,
pamwamba mawu ofiira: likugulitsidwa,
mayuro zikwi zinayi ndi theka.

Ababa sanakalipe.
Anapempha pepala, lenileni, ndi cholembera,
nalemba masamba awiri ofotokoza za masitepe aja,
napinda katatu monga mwa ntchito,
nanyambita sitampa.
Graça, tandipezera kumene akukhala.
Ndinasaka mpaka maso kuwawa.
Mwini wake ndi wobisika.
Palibe msewu, palibe nambala, palibe galu woti akuuwe.

Envulopuyo ili pa tebulo mwezi wachitatu tsopano,
kumaso kwake kuli mbee.
Timaisuntha tikamadya, n'kuibwezera.
Munthu amene sanabwererepo ndi kalata m'chikwama
amaiyang'ana ngati ngongole.

Dzulo pakati pa usiku ndinamvanso kugogoda kuja,
chala chimodzi, pang'onopang'ono.
M'mawa ndatsegula kope:
mzere watsopano, inki ikunjenjemera,
dzina lomwe lija
koma patsogolo awonjezera nambala ya nyumba yathu.
Alipira zaka khumi nthawi imodzi.
Pansi pake alemba mawu achinsinsi a imelo,
ndi dzina langa.