Ndime Yomwe Makina Anadya

Lachitatu magetsi anathima ku Tansen
makina a fotokope ali pakati pa ntchito.
Mwini sitolo, Khem Gaha, anangokweza mapewa
nandipatsa mapepala makumi anayi
akadali ofunda ngati buledi.
Sindinawawerenge. Ndinakwera nawo chitunda
ndili wefuwefu, belu likundithamangitsa.

Nkhani yake inali ya mayi wina wa kutsidya kwa nyanja,
dokotala wa maso, wobadwira m'nyumba yodontha,
amene anakanidwa katatu, kachinayi namulandira.
Mukudziwa mmene zimayendera:
anthu otchuka a m'mayeso a Chingerezi
amabadwa osauka m'ndime yoyamba,
amalimbikira m'ndime yachiwiri,
pofika yachisanu amamwalira mwaulemu,
chaka chake chili poyera kuti ana achikopere.

Koma ndime yachisanu makina anadya.
Pepala linathera pa mawu akuti
"ndipo atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, iye"
Basi. Pansi pake mbee.
Funso lachisanu ndi chiwiri lokha linatsala chilili:
Kodi anamwalira liti, nanga anasiya chiyani?

Ndazindikira usiku uno ndikuchonga,
tiyi wamkaka atazizira pambali pa cholembera chofiira,
agalu a kumunsi kwa msika akuuwa nkhungu.

Tek Bahadur, wokhala pafupi ndi zenera losweka,
walemba kuti: Sanamwalire, aphunzitsi,
akadali kuchipatala, odwala ndi ambiri.
Mneni wamuika m'nthawi yolakwika,
kapena mwina yolondola.

Rojina Pariyar, amene mayi ake amasoka mayunifolomu athu,
wapanikiza mizere inayi pa malo a mzere umodzi:
Anakwera ndege kupita ku Qatar kukagwira ntchito.
Poyamba ankaimba foni Loweruka lililonse.
Kenako kamodzi pamwezi.
Anasiya njinga ndi ngongole.
Sanaphonye chilembo ngakhale chimodzi,
ngakhale m'liwu la Chingerezi lija la ngongole,
lobisa pakati chilembo chosatchulidwa.
Liwu limenelo sindinam'phunzitse ine.

Ana khumi ndi atatu akopera chaka chobadwa
poganiza kuti nambala ndi nambala.
Wina wajambula magalasi a maso.

Ndiye Sushila Ale,
amene sanatsegulepo pakamwa chiyambire Epulo,
walemba timalemba tonga nyerere:
Nkhaniyi sinanene.
Sindingayankhe zomwe sizinalembedwe.

Ndakhala duu.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwauza,
yankho lili m'ndime, liloze ndi chala,
za kwanu uzisiye pakhomo pamodzi ndi ambulera.
Lero wandimvera ndi mmodzi yekha,
koma wandilanda tulo ndi amene sanandimvere.

Pepala la mayankho likuti malikisi ndi awiri,
la chaka ndi la chipatala chimene anamanga.
Sushila ndam'patsa onse.
Tek ndam'patsa theka, sindikudziwa la chiyani.
Pa pepala la Rojina cholembera chaima m'malere
mpaka inki yadontha yokha,
kadontho kofiira pambali pa liwu loti njinga.
Ndayesa kukafufuta ndi chala. Kafalikira.

Ndime yosowayo ndaikopera pamanja,
ili m'thumba la malaya.
Mawa ndikhoza kuilemba pabolodi,
mayiyo amwalire pa nthawi yake, belu lisanalire,
ana akonze mayankho, tipite pa mutu wina.
Zimatenga mphindi zinayi kupha munthu wotchuka ndi choko.

Koma ndikudziwa kuti Rojina adzabwera molawirira
monga mwa masiku onse,
adzapukuta bolodi osatumidwa,
kenako adzaima pafupi ndi tebulo langa
osafunsa kanthu,
maso ali pa mulu wa mapepala.
La iye ndaliika pansi penipeni.
Lifika pomaliza.