Nsanja ya Lendi ku Valparaíso

Galimoto ya Eleuterio inalikana phiri lathu,
ndiye mapaipi tinasenza paphewa
masitepe onse aja mpaka pakhomo,
ine, iye ndi mdzukulu wake wosalankhula.

Sabata imodzi, anatero, ndalama patsogolo,
tsiku lopitirira mulipira padera.
Anawerenga mabawuti kawiri
ngati kuti ndimeza limodzi.

Kuno nthaka siigona mowongoka.
Mwendo umodzi wa nsanja unali m'malere
mpaka tinaupondetsa njerwa ziwiri
ndi thabwa la chitseko chakale.

Lolemba, mphepo yochokera kudoko.
Lachiwiri, mvula. Lachitatu, mvula yomweyo.
Chitini cha penti chili chitsekere,
nsanja ikudya ndalama ili chiimire.

Lachinayi ndinakwera, mawondo gwedegwede,
thabwa likudandaula ndi zaka zanga.
Sitima zinachepa ngati nsapato za ana.
Ndinapala malata a khoma:
penti wobiriwira, kunsi kwake wachikasu,
kunsi kwa wachikasu dzimbiri.

Pamwamba pa zenera, pomwe maso a pansi safika,
ndinapeza dzina langa, Amparo,
lolembedwa ndi msomali, zilembo zopendama.
Fermín sanandiuzepo.
Anakwera pano pa makwerero obwereka
chaka chomwe tinalowa m'nyumbayi,
ine ndili pansi kumukalipira kuti atsike.

Ndinapenta khoma lonse,
kusiya kachigamba kameneko.

Lolemba linalo Eleuterio anafika ndi sipanala.
Ndinamupatsa ndalama ya masiku ena awiri.
Kwatsala pati? anafunsa, maso pakhoma.
Palibe, ndinatero. Ingoisiyani kaye.