Teni ndi Naini ku Turffontein

Ine ndinali pakona ndi ndowa ndi thaulo,
mlongo wanga Ndaziona ali m'kati mwa zingwe,
mu holo ya ku Turffontein yonunkha thukuta ndi mafuta othowa.
Oweruza atatu, aliyense mbali yake,
mapensulo m'manja, nkhope ngati zitseko zotseka.

Raundi yoyamba anagwetsa zibakera ngati matalala.
Ndinawerenga: makumi awiri, makumi atatu.
A kwathu ochokera ku Rosettenville anakuwa mpaka mawu kusasa.
Palesa wa ku Soweto anangoima,
manja m'mwamba, maso pa nthiti za mlongo wanga,
kudikira ngati munthu wodziwa nthawi ya sitima.

Yachitatu, msongolo unalira pa nthiti, phwa!
Ndaziona anabwerera phazi limodzi.
Limodzi lokha.
Ndinaona mapensulo atatu akuwerama pamodzi.
Yachinayi anakolana makosi,
bondo linalowa m'mimba kawiri,
kenako anamupotokola, ndipo wanga anagwa chagada.
Anadzuka msanga, koma pansi panali patalemba kale.

Dzanja la Palesa litakwezedwa ndinathamangira woweruza wa imvi,
amene ankapinda pepala lake mosafulumira.
Bwana, zibakera zonse zija mwazitaya kuti?
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Chibakera chogwera pa gulovu ndi phokoso chabe, anatero.
Ife sitiwerenga zimene waponya,
timaona zimene zasuntha mnzako.
Theche la m'nthiti limalemera, bondo limalemera,
ndipo wodzandira watiuza yekha kuti zamupweteka.
Raundi zoyamba ndi moni.
Nkhondo ili kumapeto.

Mu takisi ya ku Bree sitinayankhulane.
Anagwira ayezi pa nthiti, ine ndowa pamiyendo,
magetsi a Joni akudutsa pa nkhope yake yotupa.
Ndinaganiza za zaka zisanu ndi ziwiri m'mzinda uno,
makalata ofunsira ntchito amene ndaponya,
onse ogwera pa gulovu,
ndi wapolisi wa pa Noord amene amangoona ngati mawondo ako akunjenjemera
asanafunse pasipoti.

Tikutsika anati: Achimwene, mawa mundidzutse faifi.
Ndinati, nthitizo?
Anati, nthiti si vuto.
Vuto ndi phazi lija.

M'mawa kusanache ndinamupeza kuseri kwa fulati,
ataima ndi mwendo umodzi pa simenti yozizira,
akuwerenga chamumtima.