Sikelo ya Felisiyano

Pa Lizulu msewu ndiwo malire.
Nkhuku imawoloka m'mawa kukatola ku Mozambiki
n'kubwera kudzaikira kuno,
palibe woifunsa chikalata.

Ine ndinawoloka kamodzi, ndili kamtsikana.
Amayi anasenza chitseko pamutu
poti pa zonse tinali nazo
n'chokhacho chinali chathuchathu.

Tsiku la msika ndimayala nyemba
pafupi ndi ndowa za mbatatesi za Felisiyano,
wa chipewa chaubweya chofika m'makutu,
mano atatu, chifuwa cholira ngati mvukuto.
Anyamata a maminibasi amamutcha agogo a chenji.
Ife tinkamutcha Kamarada.

Ndiye anakwera pachulu chaka chija
n'kulengeza kuti minda yathu yatha,
watsala umodzi, wa anthu onse;
tisiye mapichesi a atate akuyamba kufiira,
tisiye manda opanda wolambula,
tikamange m'mizere ngati mano a chipeso.
Viva! Tinakweza nkhonya.
Abasho! Tinatsitsa.
Mkono umaphunzira msanga kuposa mtima.

Achimwene anga a Dumingu anangoseka basi.
M'sitolo ya anthu onse munali mashelefu ndi akangaude,
iwo n'kunena kwa wogulitsa:
tandipimireni makilo awiri a Viva,
ana akadye.
Cholembera chinali m'thumba la Felisiyano.
Lole inabwera mbandakucha.
Tinauzidwa kuti apita kumpoto kukaphunzitsidwanso.
Zaka makumi anayi zadutsa,
sukulu yakeyo sinatsekerebe.

Koma ndisaname, Mulungu akundiona.
Chipsera cha katemera paphewa pangapa n'chawo.
Dzina langa, Anasitaziya, zilembo zonsezi,
ndinaphunzira kulemba ndi khala pansi pa mkuyu wawo,
mkazi woyamba kwathu kugwira cholembera.
Ndipo aja anabwera usiku, amvekere tadzakumasulani,
anayatsa mizere yonse mphepo ikuthandiza,
mphunzitsi wathu anam'siya ndi khutu limodzi.
Ndiye mundiuze:
mbale iyi ndiikemo chiyani,
inayo ndiikemo chiyani?

Akuluakulu a uko anagwirana chanza patali
n'kuti zakale zisafukulidwe.
A kuno anatipatsa khadi la ufa, osafunsa kanthu.
Anzathu anakwera malole kubwerera,
ife tinatsala ndi manda atsopano awiri,
iyenso anatsala, kaya ankaopa yani.
Lamulungu amayendetsa mbale ya chopereka.
Ikafika pa ine, ndimaponya ndalama
maso ali pa zala zake.

Mwana wanga Tadeyu watola malaya pa kaunjika,
ofiira, pachifuwa nyundo ndi chikwakwa.
Akuti ndi timu ya mpira ya kunja.
Ndinatsegula pakamwa,
n'kungoti akukukhala bwino.

Sikelo yanga inathyoka mwezi wa Meyi.
Ndimabwereka yake.
Kodi ndikabwereke kwa yani, kwa mphepo?

Dzulo nkhungu inatsika kuchokera kumapiri,
magalimoto akuyenda ndi nyali masana,
sitinkaona ngakhale tsidya la msewu.
Tinakhala awiri, manja m'khwapa.
Anatsokomola nthawi yaitali,
kenako, akuyang'ana ndowa zake, anati:
A Dumingu aja ankadziwa kumezetsa mapichesi.
Mtengo umodzi ukadalipo uko, ndinauona.

Ndinadikira.
Ndinadikira mawu enawo,
aja ndawasungira malo zaka zonsezi
monga mphasa ya mlendo.

Basi ya ku Lilongwe inaima.
Mayi wina anafuna kilo ya nanyati.
Felisiyano anandigwirira sikelo, dzanja likunjenjemera,
muvi unafika pamalo pake.
Mayiyo atapita, anatapa mbatatesi zazikulu zinayi
n'kuziika pachitenje panga
osanena kanthu.

Ndinazitola imodziimodzi,
n'kuziika pa sikelo yake yomweyo,
ndinawerenga muvi,
n'kumulipira mpaka kwacha yomaliza.