Simbi ya Aulikki

Ku Tampere mu Januwale
dzuwa limayenda ngati munthu wangongole:
kusuzumira cha m'ma teni,
ikamati fili koloko lazemba kale.
Ndinayendetsa basi zaka makumi atatu mumdima womwewu
osabzalapo ngakhale udzu.
Maluwa onse m'nyumba muno anali a Aulikki,
ndipo chaka chomwe tinamuika m'manda
anamutsatira, limodzilimodzi.

Ndiye akutulukira Vilja, mdzukulu wanga,
chipale chofewa chili mbuu pachipewa,
m'manja mathileyi awiri akuda, kathumba ka dothi,
njere za mpiru ndi nsawawa,
ndi babu lowala mwa pepo.
Akuti, "Masiku khumi okha, agogo.
Ngakhale inuyo simungalephere."

Ndinalephera.
Tsiku lachinayi nditavundukula
ndinapeza ubweya woyera pa kanjere kalikonse.
Nkhungu! Ndinatsika nsanjika zonse zisanu,
masilipasi kuphazi, mphepo ikuluma akakolo,
n'kukakhuthula zonse m'bini.
Pafoni mwana anaseka mpaka kutsokomola:
"Imeneyo ndi mizu, agogo.
Ndi timilomo take tomwera madzi."
Ndinakhala pampando osavula chikhoti.
Kutaya zamoyo poziyesa zakufa,
ine, munthu amene ndinagwirapo dzanja lozizira
usiku wonse ndikuliyesa lamoyo.

Kachiwiri ndinafesa mofatsa,
njere kuyandikana ngati anthu m'basi ya m'mawa,
koma wina osapondera mnzake.
Madzi ongowaza, osati kuthira.
Akuti vundikirani ndi thileyi inayo,
pamwamba musanjikepo cholemera,
zikhale mumdima masiku atatu.
Cholemera m'nyumba muno n'chiyani?
Ndinatsegula kabati, ndinatenga simbi ya Aulikki,
chingwe chake chili chikulungire
momwe anachikulungira mwini wake.

Masiku atatu ndinkangodutsa pakabatipo
ngati pakhomo la wodwala.

M'mawa wachinayi simbi yapendekeka.
Ndinayesa ndi maso anga okalambawa.
Ayi ndithu: thileyi yakwera,
pansi pake timakosi tachikasu, mazanamazana,
topyapyala ngati ulusi wosokera batani,
tasenza chitsulo
chimene ine ndinalephera kuchinyamula zaka ziwiri.

Pansi pa babu tinabiriwira tsiku limodzi.
Tonse kuweramira kuzenera,
ine kutembenuza thileyi, ito kuweramanso,
mkangano wathu wa m'mawa uliwonse
khofi asanawire.
Reijo wa nyumba yoyang'anana nayo
anandipeza m'chikepe, n'kutsitsa mawu:
"Zenera lanu lija usiku, a Tauno,
mwayamba kulima chamba pa ukalamba?"
Ndinati bwerani Lachisanu mudzasute nawo.

Lachisanu, tsiku lakhumi, sizasi m'manja.
Masamba awiriawiri okha,
sitinaone njuchi, sitinamve mvula,
sitikudziwa n'komwe kuti kunja kuli nyanja youma gwaa
imene anthu akuyendapo wapansi.
Dzanja linazengereza.
Kenako tseketseke, ndipo munda wonse
unakwana m'chikhatho chimodzi.

Buledi wakuda, batala, dzira lowiritsa,
pamwamba zokolola zanga zonse.
Reijo analuma, maso n'kulengeza misozi.
Kanthu kochepa chonchi, ukali wake
kukwera mpaka m'mphuno!
Tinadya mwakachetechete, amuna awiri okalamba,
nyengo ya dzuwa ili pakati pa mano,
kunja basi nambala eyiti ikudutsa yopanda munthu.

Akuti mpiru ukadulidwa chonchi suphukiranso.
Zatsala ndi ziputu, ngati chibwano changa Lamlungu.
Sindinatsutse.
Ndinatsuka thileyi ndi madzi otentha,
ndinaviika nsawawa m'kapu yake ija ya mpanda wothyoka,
zigone m'madzi mpaka mawa.

Simbi sindinaibwezere m'kabati.
Ili patebulo, pafupi ndi mchere.
Chingwe ndachimasula.
Mwina Loweruka ndisita shati.