Kabwalo ka Chitsime

Musavutike kukafunafuna pamapu a Montevideo.
N'kamalo ka ngodya zitatu, ngati chigamba
chotsala telala atadula suti ya bwana,
kopanikizika pakati pa banki, kampani ya inshuwalansi
ndi nyumba yosanja ya maloya.
Mapazi makumi atatu ndi anayi mulitali. Ndinawerenga.
Ine Eladio Curbelo, wopolisha nsapato,
zaka zanga pano zaposa mapaziwo.

Amene anandisiyira bokosili, Don Anselmo,
ankati pansi pa chivundikiro chachitsulo icho pali chitsime.
Akapolo ankatunga pamenepo,
migolo pamutu, ulendo wa kudoko,
nyulu n'kumamwa zotayikira pamwala.
Madziwo sindinawaonepo.
Koma mvula ikagwa masiku atatu
chitsulocho chimachita thukuta,
ndipo ukagwada, paja ntchito yanga n'kugwada,
umamva pansi pakumeza malovu.

Kenaka panamangidwa nyumba yosungiramo zikopa za ng'ombe.
Inapsa usiku umodzi, fungo lake linatha mwezi.
Mwini wake anasiya mkazi wamasiye, Doña Ermelinda,
amene amuna a zipewa zazitali anamuyendera kasanu
ndi mapepala, cholembera ataviikiratu mu inki.
Anakana. Anthu ankati mutu wake sukuyenda bwino.
Iye anadzala mtengo umodzi paphulusa,
naika benchi, namaluka juzi
maso ali pazenera la mkulu wa banki
mpaka mkuluyo anagula makatani.

Izo ndinachita kumva.
Zotsalazi ndinawerenga ndekha, pansapato.

Zaka za asilikali kunabwera majombo.
Sankalipira.
Ndinkawapukuta mpaka nkhope yanga kuonekeramo,
nkhope imene sindinkaikonda.
Lachinayi lina kalaliki wa ku inshuwalansi, Wilmar,
anaika phazi lamanzere pabokosi pano.
Galimoto yopanda nambala inaima pangodyapo,
amuna awiri anamugwira m'zigongono mwaulemu
ngati akuwolotsa nkhalamba pamsewu.
Anapita ndi nsapato imodzi yowala.
Njiwa sizinauluke n'komwe.

Mayi ake ankabwera Lachinayi lililonse,
kukhala pabenchi ya Ermelinda, kundifunsa mawu ake omaliza.
Mnyamatayo anangoti, musachulutse polishi.
Ine ndinkawauza kuti anati abwera posachedwa.
Zaka khumi ndi chimodzi
ndinagulitsa bodza limenelo mosalandira kobiri.

Chaka chimene mabanki anatseka zitseko
mzere wa anthu unazungulira mtengowo katatu.
Aphunzitsi, opuma pantchito, mayi wina ndi poto ndi supuni,
kugogoda mpaka poto anapindika.
Ndinaona nsapato zabwino zobooka kuphazi,
m'kati atayalamo katoni.
Bambo wina anandipempha ndim'polishe pangongole
kuti akaoneke ngati munthu pokamva kuti ndalama zake kulibe.
Sanabwerenso. Sindikum'funa.

Lero achinyamata a m'maofesi amavala nsapato zoyera zansalu
zosandisowa ine.
Masana amadya m'timabokosi tapulasitiki,
timawaya m'makutu, kukangana ndi anthu osaoneka.
Mmodzi amandipatsa moni. Amanditcha Emilio.
Ndinasiya kum'konza.

Chaka chatha akhonsolo anabwera ndi chikwangwani chamkuwa,
mizere inayi, dzina la mkulu wina wankhondo
amene kavalo wake sanamwepo pano.
Chitsime mulibe. Wamasiye mulibe.
Wilmar sanakwanemo.
Anandipempha ndisunthe bokosi kuti chithunzi chituluke bwino,
ndinasuntha, kugwada kumaphunzitsa zambiri.

Tsopano mphepo yonyowa ya kudoko yachipeza.
Mkuwa wayamba kubiriwira m'mphepete,
zilembo ziwiri zadzaza zitosi.
Nsanza ndili nayo, mankhwala ake ndikuwadziwa,
mphindi zisanu chingawale ngati tsiku loyamba.
Palibe wandipempha.

Madzulo alonda amatsitsa zitseko zachitsulo, khwee, khwee,
ine n'kumatseka tizitini tanga.
Kakuda, kofiirira, kopanda mtundu.
Kachinayi kali pansi pa maburashi, kanauma kalekale.
Katsala polishi wokwana nsapato imodzi,
yakumanja.