Buku la Mvula ku Khombedza

Kuseri kwa ofesi ya zaulimi
kuli kachitini pamsanamira yachitsulo,
kukamwa yasa, kuyang'ana kumwamba.
Zaka makumi awiri ndi zinayi
ndakhala ndikukasuzumira eyiti koloko m'mawa,
kukhuthulira m'botolo la mizere
zimene thambo lasiya,
n'kulemba m'buku.

Masamba akale ndi onona.
Chizimalupsa chinkadziwa tsiku lake,
kenako ya mbewu, kenako yamvumbi,
manambala atafola ngati ana a sukulu
polowa m'kalasi.

Lero ndimalemba ziro.
Ziro, ziro mpaka Khirisimasi,
mazira osukusa a nkhuku yothawa chisa
ndandanda tsamba lonse.
M'kachitini ndimapezamo fumbi.
Tsiku lina ndinapezamo buluzi
atauma gwa, maso ali kumwamba ngati ine.

Mayi Likisina a kwa Matenje
amafika ndi mbewu yomanga pampango:
Alembi, tidzale kodi?
Chaka chatha anadzala katatu.
Chachitatucho chinafika m'mawondo
n'kupotana masamba ngati fodya wachingambwe.

Ndiye usiku umodzi wa Febuluwale
mvula ya miyezi itatu inabwera pamodzi
ngati angongole opangana.
Lingadzi anatuluka m'khwawa mwake,
anatenga mbuzi, nkhokwe, uvuni wa njerwa wosapsa,
anasiya mchenga m'dimba mpaka m'chiuno.
Kachitini kanasefukira.
Mzere wa tsiku limenelo ulibe nambala mpaka pano.

Mwana wanga Tiyesere, wa Fomu 3,
akuti utsi wa mafakitale ndi ndege
za kutsidya kwa nyanja zamchere
wafunditsa dziko bulangete m'mwezi wa Okutobala.
Akuti ife tikulipira nyama
imene sitinalaweko ngakhale msuzi.
Sindikana.
Koma ndimaonanso njinga zikutsika mbandakucha
kuchokera ku mapiri ometedwa mpala,
matumba atatuatatu, akuda bii,
ndipo limodzi lili pakhonde panga pano.
Ndinagula kwa Che Ajibu,
amene thonje lawo linayoyoka lisanaphulike,
amene mwana wawo anabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi.
Anagwetsa tsanya chifukwa mvula inakana.
Mvula ikukana chifukwa tsanya anagwa.
Njoka iyi ndaiyang'ana nthawi yaitali,
mutu sindinaupeze.

Kukutentha.
Malata akulira okha masana,
mjigo wa pasukulu ukutsokomola mphepo,
ndipo inki ya bolopeni yasungunukira m'thumba la malaya.

Dzulo Mayi Likisina anabweranso,
mbewu yachepa, mfundo ya mpango yakula.
Ndinatsegula buku, ndinanyowetsa chala,
ndinatembenuza zaka zonse iwo ali chiimire padzuwa.
Mayi, ndinatero,
bukuli limadziwa za dzulo zokha.

Anapenya kumwamba, anapenya ine,
anamanganso mpango wawo
n'kufunsa ngati ndili ndi madzi akumwa.